Chitseko cha Kumanzere

Tsiku limene mng'ono wanga anamenyedwa ndi simbi yositira m'mutu, ine ndinkamuonera pafoni, n'kumamukalipira kuti nyali yake yapendekeka.

Mng'ono wangayo amagulitsa madiresi pa laivi, vidiyo yoonetsa pompopompo pa intaneti. Masana alionse amaimika foni pa sitandi ya miyendo itatu m'kachipinda kogundana ndi nyumba yake, amavala diresi n'kuzungulira nalo, azimayi akutali n'kumalimbirana polemba kuti “langa limenelo”. Koma asanaonekere kwa anthu ali ndi kachitidwe kake kamene sakaphonya. Foni amaitseka pakamwa kuti munthu akaimba asadule vidiyo. Amakoka katani, amapachika nsalu yoyera kukhoma, amauza anansi kuti asagogode ngakhale nyumba ikupsa. Kenako amayatsa laivi yoyesera, imene imaoneka kwa munthu mmodzi yekha, ine mkulu wake. Ndimakhala kuntchito kwanga, kushopu yojambula mapepala tsidya lina la tauni, n'kumamuuza ngati mawu akumveka, ngati netiweki ikukoka, ngati nkhope yachita mdima. Iye amati Mulungu anandipatsa mphatso yopeza zifukwa, ndiye isangokhala.

“Asisi, ndikumveka?” anafunsa tsikulo, atavala diresi lobiriwira.

Ndinalemba kuti, “Ukumveka, koma nyaliyo ikukusandutsa mzukwa.”

Anaseka, n'kutambasula dzanja kuti aiwongole. Pomwepo pansalu yoyera paja panagwa kuwala kuchokera kumanzere, monga zimakhalira chitseko chikatseguka m'chipinda chamdima. Iye anatembenukira komweko. Sanadzidzimuke, anangokwinya nkhope.

“Ndinanena kuti musamalowe ndikamakonzeka,” anatero, n'kuchoka pagalasi la foni.

Ndinamva mawu apansipansi a mwamuna, koma makina athu ojambulira anali akulira pambali panga. Kenako kunamveka phokoso ngati dzungu lagwa pasimenti. Chithunzi chinagwedezeka, chinaloza kudenga, n'kuzima.

Ndinamuimbira, foni osalowa, pakuti anali ataitseka yekha pakamwa. Ndinaimbira mwamuna wake, alamu anga, osayankha. Ndinaimbira mayi eninyumba amene amakhala mpanda womwewo.

“Kagogodeni, mayi, chonde thamangani.”

“Ine ndikagogode? Tsiku lija ndinangofuna kubwereka chingwe cha zovala ananditukwana ndi maso sabata yonse.”

“Mayi, mwana uja wafa.”

Ndinamva masilipasi awo akuthamanga, kenako kukuwa.

*

Sanafe. Pamene ndimafika panjinga yamoto, anali atamunyamula kale kupita naye kuchipatala ali chikomokere. M'kachipindamo munatsala magazi, simbi yositira madiresi ili gada pansi, ndi sitandi yopanda foni.

Wapolisi amene anabwera anali mayi wamfupi wa maso ang'onoang'ono, amene anzake ankamutchula kuti a Sajeni. Sanandipepese ngakhale pang'ono. Anandiimika kumbuyo kwa sitandi, nkhope kuloza kunsalu yoyera.

“Mukuti munaonera. Vidiyoyo ilipo?”

Ndinatsegula tsamba la mng'ono wanga. Panalibe. Amene anatenga foniyo anafufuta vidiyoyo. Ndinangowafotokozera zimene ndinaona.

“Ndiye vidiyo ndinu,” anatero a Sajeni. “Kuwalako kunachokera kuti?”

“Kumanzere.”

“Mwatsimikiza?”

“Ndikanakhala kuti ndikunama bwenzi nditanena kuti ndinaona nkhope.”

Kachipindako kali ndi zitseko ziwiri. Cha kumanja chimalowa m'nyumba ya mng'ono wanga. A Sajeni anachikankha n'kupeza chili chokhoma, kiyi wa mng'ono wanga ali lende pamsomali m'kachipinda momwemo. Cha kumanzere chimatulukira pakakhonde kamene amagawana ndi shopu ya wometa, ndipo loko wake anafa kalekale.

Mayi eninyumba ndiwo anayamba kufunsidwa. Anakhala pabelo ya madiresi akudzipepesa mphepo ndi mpango.

“Ine, bwana, za lokoyo ndinamuuza kale kalipentala, koma akalipentala a masiku ano mukuwadziwa. Ndiye munthu asandinenere ine. Ndinali kuseri ndikuchapa, sindinaone munthu, sindinamve kanthu. Ndipo n'zimene zinandidabwitsa, chifukwa mnyamata wometayu wailesi yake imagwedeza ndi mano omwe. Koma nthawi imeneyo kunali zii.”

“Amagwirizana ndi mtsikanayu?”

“Awa? Mphaka ndi khoswe. Dzana lomweli amakangana za magetsi. Uyu akayatsa nyali yakeyo, uyo makina ake ometera amazima. Ndinamumva ndi makutu angawa akuti tsiku lina adzaiphwanya foniyo.”

Wometayo anali mnyamata wamtali wa ndolo kukhutu limodzi, ndipo thukuta linali kamukamu.

“Amayi, ine zimenezo ayi. Kukangana timakangana, sindikana, koma ndi zapakamwa basi. Wailesi ndinazimitsa chifukwa asisiwa amandipempha nthawi ya laivi yawo. Mwaona? Ndimawamvera ine.”

“Unali kuti?”

“Ndinatuluka pang'ono.”

“Kupita kuti?”

“Kuseri kwa mpanda. Kukapuma mpweya.”

“Mpweya wake wamtundu wanji?”

Mnyamatayo anayang'ana pansi. “Wa utsi pang'ono, amayi. Ndekha. Zinthu zake sizofuna mboni.”

Alamu anga anafika pomaliza, atavala ovolosi yawo ya kuwotcherera zitsulo, maso ali psuu. Ndi munthu wolankhula mofatsa, wopereka moni ndi manja awiri, amene amayi athu amamutchula kuti mwana wawo woyamba. Anagwada pamene panali magazi paja n'kugwira pakamwa.

“Ndinachoka m'mawa, bwana, n'kukhoma nyumba monga mwa masiku onse. Masana ndinapita kukafuna zitsulo kumsika wa zakale. Kumeneko phokoso, foni sindinaimve. Ndikanadziwa sindikanachoka. Ndakhala ndikumuuza mkazi wangayu kuti kudzionetsa kwa anthu osawadziwa kuli ndi mapeto ake. Amuna amamulembera zinthu zoti munthu sungawerenge pamaso pa ana.”

“Mumawadziwa amunawo?”

“Ine za pafoni sindizitsata, bwana.”

A Sajeni anawauza kuti mwamwayi panali mboni, n'kundiloza ine. Alamu anatembenuka pang'onopang'ono.

“Mboni? Kodi laivi inali itayamba?”

“Yoyesera,” ndinatero. “Amayamba wandionetsa ine ndekha.”

“Zoona?” anatero alamu. “Mulungu ndi wamkulu. Ndiye munamuona munthuyo, alamu?”

Ndinawauza kuti ndinangoona kuwala kwa chitseko. Anagwedeza mutu nthawi yaitali, n'kundigwira paphewa.

Wometa uja anamukweza m'galimoto ya apolisi akulira ngati mwana. Ine sindinamumvere chisoni, ndinafuna ndimulavulire. Koma a Sajeni, asanakwere, anandikokera pambali.

“Wakuba foni amathawa nayo, sayima kuti afufute vidiyo. Ndipo mng'ono wanu sanakuwe. Chinthuchi sichikundikhalira bwino.” Anandipempha dzina la tsamba lija kuti akawerenge zimene amuna aja amalemba. “Mukakumbukira china, ngakhale chopusa, mundiimbire.”

*

Kuchipatala mng'ono wanga anagona mutu uli m'mabandeji, milomo itauma. Adokotala anati ubongo watupa, koma ukaphwa akhoza kudzuka n'kulankhula. Amayi athu anakhala pampando wapulasitiki pambali pa bedi, miyendo yawo yodwala itatupa ngati mitondo.

Ine tulo sindinatione. Ndikangotseka maso ndinkaona kuwala kuja kukugwa pansalu. Ndinkaopa chitseko changa chomwe, ndinkaopa foni ikalira. Mantha oterewa sindinawamvepo chibadwire.

M'mawa mwake alamu anatipeza kuchipatala atanyamula madzi ndi zipatso.

“Amayi, mwatopa,” anatero. “Madzulo ano mupite mukagone. Pabedipa ndikhala ndine. Ndi mkazi wanga, akadzuka ayambe waona ine.”

Amayi analira ndi kuthokoza. Kenako alamu anatembenukira kwa ine.

“Alamu, makasitomala akuvutitsa. Ena akuti wathawa ndi katundu wawo, ena akuti wamwalira. Bwanji masana ano mulankhule nawo pa laivi, inu amene mumazidziwa? Muwauze zoona, muwapemphe mapemphero. Mwinanso wina waona foniyo ikugulitsidwa. Ine ndikuthandizani kukonza malo.”

Zinandimvekera zanzeru. Ndinavomera.

*

Masana amenewo mpanda wonse unali zii. Shopu ya wometa inali yotseka, mayi eninyumba anali atapita kukafotokozera abale awo nkhaniyo. Alamu anali atakolopa magazi aja, m'chipindamo mukununkha sopo.

Ndinali ndisanaimepo kutsogolo kwa nsalu ija. Nthawi zonse ine ndinali wa tsidya linalo, wopeza zifukwa. Ndinalowa patsamba la mng'ono wanga ndi nambala yachinsinsi imene anandiuza kale, n'kupanika foni yanga pa sitandi, galasi kuloza kwa ine monga amachitira mwini wake kuti aziwerenga zimene anthu akulemba. Ndinaitseka pakamwa. Ndinapukuta kadiso ka kamera ndi m'mphepete mwa bulauzi, n'kukoka katani. Alamu anayatsa nyali yozungulira ija, kenako anakankhira tebulo losita pachitseko cha pakhonde.

“Mphepo ingatsegule muli pakati polankhula,” anatero. “Yambani ndi yoyesera ija, tione ngati mukuoneka bwino.”

Ndinayatsa yoyesera, ngakhale kunalibe woionera. Nkhope yanga inatulukira pagalasi, yotuwa, maso atalowa mkati. Batire inali itatsika.

“Tchaja chili m'nyumba,” anatero alamu. Anatulutsa kiyi m'thumba la ovolosi, anatsegula chitseko cha m'nyumba, analowa n'kuchibweza.

Ndinatsala ndekha ndikudziyang'ana. Kumbuyo kwanga, pamwamba pa nsalu, mng'ono wanga anamatapo kachikwangwani ka dzina la bizinesi yake, ndipo pagalasipo zilembo zake zinkaoneka chammbuyo. Ndakhala ndikumuseka nazo zimenezi kuyambira kale, kuti makasitomala ake amawerenga ngati akuyang'ana pakalilole. Ndinali ndikuganiza zimenezo pamene chitseko cha m'nyumba chinatseguka.

Pagalasi la foni, kuwala kunagwa pansalu yoyera kuchokera kumanzere.

Kunali kuwala komwe kuja, malo omwe aja, kupendekeka komwe kuja. Kamera ya kutsogolo imatembenuza zinthu ngati kalilole, ndipo chimene ine ndinaona kumanzere dzulo, m'chipindamo chinali kumanja. Ndinaimika a Sajeni pachitseko cholakwika. Munthu uja sanadzere pakhonde la wometa, anadzera m'nyumba, pachitseko chokhoma chimene kiyi wake wina anali pamsomali, wina m'thumba la ovolosi.

Ndipo madzulo omwewo munthuyo ankakakhala yekha pabedi la mng'ono wanga.

“Mwatani, alamu?” anafunsa akulumikiza tchaja. “Mwatuwa.”

“Ndi nyaliyi,” ndinatero. Mawu anatuluka ngati a munthu wina. “Netiweki ikukoka. Ndiizimitse kaye ndiyatsenso.”

Ndinayang'ana chitseko cha pakhonde, tebulo lili pomwepo. Ndinayang'ana cha m'nyumba, alamu akuchikhoma n'kubweza kiyi m'thumba. Kuimbira a Sajeni sikukanatheka, munthu ali poteropo. Kukuwa, akanamva ndani? Anthu onse a mpandawo tinawaphunzitsa tokha kuti m'chipindachi mukamveka chilichonse asayandikire.

Chala changa chinkaterereka ndi thukuta. Ndinazimitsa yoyesera ija. Pamene foni imafunsa kuti vidiyoyi aione ndani, ndinasankha anthu onse, n'kudina.

“Ndi yoyeserabe?” anafunsa alamu.

“Eya.”

“Ndiye palibe akutimva.”

“Woonera wake ndine, ndili pano.”

Anaseka pang'ono. Anakaima kumbuyo kwa sitandi, kumene kamera sifika, n'kupinda manja. Iwo ankaona msana wa foni, ine ndinkaona galasi. Pakona pa galasipo panatulukira kadiso kosonyeza kuti munthu walowa. Kenako wina, kenako ena. Mawu anayamba kukwera kuchokera pansi: “Ali bwanji asisi athu?” “Tamva zachisoni.” Ndinaumitsa nkhope kuti maso anga asawatsate.

“Alamu,” anatero mofatsa, “pali chimene chikundisowetsa mtendere. Dzulo munati munangoona kuwala. Nanga mawu? Munthuyo sanalankhule?”

“Makina ankalira kuntchito.”

“Simunamve ngakhale liwu limodzi?”

“Ayi.”

“Nanga n'chifukwa chiyani mukuyang'ana thumba langa?”

Ndikanatha kunama, koma pakamwa pangapa sipanandimverepo chibadwire.

“Kiyi wa chitseko icho ali ndi anthu angati, alamu?”

Kunja kunadutsa galimoto, phokoso lake n'kuzimirira. Kenako alamu anapuma mozama ngati munthu amene watula katundu.

“Ndinadziwa,” anatero. “Kuyambira dzulo ndinadziwa kuti inu simungogona nazo. Banja lanu lonse ndi lotero, simumva.”

“Munamumenyeranji?”

“Ndinangomupempha foni. Foni basi, ndione amene amamulembera usiku. Mkazi wanga, m'nyumba mwanga, akundiuza kuti ndituluke chifukwa akukonzekera anthu ake. Ine ndituluke, alowe amuna a dziko lonse.” Mawu awo sanakwere ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa koposa. “Simbi inali pafupi. Sindinaganize. Inu mukuona ngati ndinaganiza?”

Pagalasi mawu aja anasiya kukwera kwa kanthawi, ngati anthu onse agwira mpweya. Kenako anasefukira. Sindinathe kuwawerenga, ankathamanga ngati nyerere zoponderezedwa.

“Akadzuka adzanena,” ndinatero.

“Adokotala anati akhoza kudzuka. Sanati adzadzuka.”

Anawerama n'kuzula chingwe cha simbi chimene chinali pakhoma, n'kuyamba kuchikulunga kudzanja pang'onopang'ono. Ndinaganiza za amayi, kuti mwina nthawi yomweyo akupinda kansalu kawo, akuyang'ana kukhomo kudikira mkamwini wawo wabwino kuti awalandire.

“Ine sindikufuna kukupwetekani, alamu,” anatero akuyandikira. “Mwandikakamiza nokha.”

Sindinawayang'anenso. Ndinayang'ana kadiso ka kamera, n'kulankhula mokweza monga amachitira mng'ono wanga potchula mtengo wa diresi.

“Amene muli pafupi ndi chipatala chachikulu, thamangani kuchipinda cha amayi ovulala. Kauzeni mayi anga asachoke pabedi la mwana wawo. Asachoke ngakhale abwere ndani.”

Alamu anaima.

“Mukulankhula ndi ndani?”

Anazungulira sitandi ija, chingwe chili kudzanja, n'kudzaima pambali panga m'kuwala kwa nyali. Nkhope yawo inalowa pagalasi. Ndinaona maso awo akufunafuna, akupeza kadiso kaja ndi chiwerengero cha anthu chikungokwera, akutsikira pamawu amene ankadutsa pachibwano chawo.

“Ndili pageti la chipatala, ndikulowa,” analemba mayi wina amene sindimudziwa n'komwe.

“Musazimitse. Takhota kale pamsewu wanu,” analemba a Sajeni.

Dzanja la alamu linanyamuka kuti likwatule foniyo, ndipo ndinadziwa kuti akaizimitsa nditsala nawo ndekha. Koma dzanjalo linaima m'malere. Pansi pa galasi panatulukira dzina limene tonse awiri tinkalidziwa, la mayi awo owabereka, amene amaonera mpongozi wawo masana alionse pafoni imene anawagulira alamu omwewo. Gogoyo amalemba ndi chala chimodzi, ndipo mawu ake anabwera aafupi.

“Mwana wanga, ndiwe ukulankhulayu?”

Chingwe chija chinamasuka chokha kudzanja la alamu n'kugwa pansi.

“Ndiyankhe,” analembanso gogoyo.

Ndinatsetsereka n'kukhala pansi pakati pa madiresi a mng'ono wanga, n'kuwasiya alamu okha pagalasipo pamaso pa mayi awo.